Kodi mwana wamng'ono ayenera kulowa mu vidiyo sho?

Aliyense amene amayenda madzulo pa Kamuzu Road kuno ku Salima, kapena pamsika wa ku Senga Bay asodzi akamadikira nthawi yolowa m'madzi, amaidziwa nyumba imene imayamba kumveka kulira kwa mfuti ndi zibakera munthu asanaione n'komwe. Pakhomo pake pamakhala bolodi lolembedwa ndi choko ndi chinsalu chakuda chotchinga kuwala, ndipo mkati muli mabenchi, wailesi ya kanema ndi sipika yaikulu imene ntchito yake ina ndi kuitana odutsa mumsewu. Kwa ambiri a ife, holo ya kanema imene tili nayo ndi imeneyi. Mukasuzumira mkatimo mudzapeza kuti kutsogolo kwenikweni, pansi pa sipikayo, kwadzaza ana, ena mwa iwo atabereka ang'ono awo kumbuyo.

Ntchito yanga ndi yophunzitsa alezi a m'sukulu za mmera mpoyamba, ndipo funso lakuti mwana angayambe liti kulowa mu sho limabwera kawirikawiri, kuchokera kwa alezi ndi kwa makolo omwe. Yankho langa ndi lakuti mwana wosafika zaka 7 sayenera kulowa mu sho ya anthu onse, ngakhale atakhala pamiyendo pa bambo ake. M'mayiko amene muli maholo akuluakulu a kanema, mkangano umenewu umakonda kuzungulira pa kulira kwa mwana kumene kumasokoneza anthu amene alipira ndalama zawo. Dandaulo limeneli ndi lomveka, koma ndi laling'ono poyerekeza ndi zimene chipindacho chimamuchita mwanayo.

Tiyambe ndi khutu, chifukwa vuto lake silionekera msanga. Mkati mwa khutu muli timaselo ting'onoting'ono tooneka ngati tsitsi, timene timasandutsa phokoso kukhala uthenga wopita ku ubongo, ndipo timaselo timeneti tikafa sitimeranso. Kukula kwa phokoso kumayezedwa m'madesibelo. Anthu awiri akamacheza bwinobwino, mawu awo amakhala pafupifupi madesibelo 60. Muyezo umene akatswiri ambiri a chitetezo cha pantchito amagwiritsa ntchito ndi wakuti munthu wamkulu asapitirire maola 8 m'phokoso la madesibelo 85, ndipo phokosolo likakwera ndi madesibelo 3 okha, nthawi yololedwayo imadulidwa pakati: pa 88 ndi maola 4, pa 91 ndi maola 2, pa 94 ndi ola limodzi, ndipo pa 100 ndi mphindi 15 zokha. Kwa ana, bungwe la World Health Organization limalangiza muyezo wotsikirapo wa madesibelo 75 pa zipangizo zomvetsera nyimbo monga mahedifoni. Palibe kholo limene limayenda ndi makina oyezera phokoso, koma pali njira yapafupi: ngati mukuchita kukuwa kuti munthu amene mungamukhudze mutatambasula dzanja akumveni, phokosolo lafika kale pa muyezo woopsa. Yesani zimenezi mu sho ya m'dera lanu nkhondo ya mufilimu ikafika pachimake, ndipo kumbukirani kuti malata ndi makoma a chipinda chaching'ono amabweza phokoso, komanso kuti mwana ndi amene amakhala pafupi kwambiri ndi sipika. Wamkulu khutu likayamba kulira amatuluka, pamene khanda lili kumbuyo silingathe kutseka makutu kapena kunena kuti likumva kuwawa.

Nkhani imene alezi amakumana nayo kwambiri ndi ya mantha. Mwana wa zaka 3 mpaka 6 amakhala asanathe kusiyanitsa bwino chimene chachitikadi ndi chimene anthu akungosewera, ndipo amaweruza chinthu poona maonekedwe ake. Ife a m'dera la gule timazidziwa bwino zimenezi, chifukwa tonse tinaonapo kamwana kakulira mofuula n'kukakamira chitenje cha amayi ake chilombo chikungodutsa chapatali. Mufilimu zimakhalanso chimodzimodzi. Munthu akasanduka njoka kapena mfiti ikatuluka m'manda, monga zimachitikira m'mafilimu ambiri a ku Nigeria amene amakondedwa kuno, wamkulu amadziwa kuti ndi luso la kamera ndi kompyuta, koma mwana waona ndi maso ake munthu akusanduka njoka, ndipo kumuuza kuti "si zenizeni" sikumuthandiza kwenikweni pa msinkhu umenewu. Sathanso kutsatira nkhani ya maola awiri kuti aone kuti woipa uja analangidwa pamapeto. Chimene amapita nacho kunyumba ndi zidutswa: nkhope yoopsa, mpeni, magazi, mayi akukuwa.

Mlezi wina wa kufupi ndi nyanja anandifotokozera za kamnyamata ka zaka 4 kamene kanayambiranso kukodza pogona, kukana kutuluka panja kukada, ndi kumenya anzake mateche pa nthawi ya phala. Makolo anayamba kuganiza zoti mwana wawo walodzedwa kapena akuphunzitsidwa ufiti usiku, ndipo panatsala pang'ono kuti agogo ena oyandikana nawo alozedwe chala. Atafufuza modekha, anapeza kuti mkulu wake, amene ankasiyiridwa mwanayo amayi akapita kukagula usipa kudoko, ankalowa naye mu sho pafupifupi tsiku lililonse. Sindikunena kuti mwana aliyense wokodza pogona waonera filimu yoopsa, pakuti zifukwa zake ndi zambiri ndipo zina ndi zofunika kuchipatala, koma funso lakuti mwana amakhala kuti masana liyenera kufunsidwa tisanathamangire kwina.

Mafilimu omasuliridwa m'Chichewa awonjezera mbali ina pa nkhaniyi. Kale mwana ankaona zithunzi osamva chilankhulo, koma tsopano amamva liwu lililonse, kuphatikizapo nthabwala zimene womasulira amawonjezera pofuna kuseketsa akuluakulu, ndipo mawa lake mlezi amadabwa kumva mawu amenewo akutuluka m'kamwa mwa mwana amene sanayambe n'kulemba komwe dzina lake.

Opanga ndi oyang'anira mafilimu amadziwa kuti si filimu iliyonse imene ili yoyenera aliyense, n'chifukwa chake anakhazikitsa zizindikiro za misinkhu. Ku America kuli G, PG, PG-13, R ndi NC-17, ndipo ku Britain kuli U, PG, 12A, 15 ndi 18. Kuno kwathu tili ndi lamulo la Censorship and Control of Entertainments Act la 1968, limene linakhazikitsa bungwe loona mafilimu ndi malo azisangalalo, komanso lamulo la Child Care, Protection and Justice Act la 2010 loteteza ana. Vuto ndi lakuti filimu imene yafika mu sho itakoperedwa pa fulashi ilibe chikuto chimene kholo lingawerengepo chizindikirocho, ndipo dongosolo la tsikulo limatha kusintha malinga ndi zofuna za amene adzaza mabenchi. Mwana amene analowa masana kukuonetsedwa zoseketsa amapezeka akadali momwemo filimu ya akuluakulu ikayamba, ndipo si eni sho onse amene amavutika kumutulutsa, popeza nayenso walipira pakhomo.

Palinso nkhani ya nthawi. Malangizo amene World Health Organization inatulutsa mu 2019 amati mwana wosafika zaka 2 asamakhazikidwe pa kanema, ndipo wa zaka 2 mpaka 4 asapitirire ola limodzi pa tsiku. Filimu imodzi yokha yapitirira kale malire amenewa. Malangizo omwewo amati mwana wa zaka 3 mpaka 4 amafunika kugona maola 10 mpaka 13 pa tsiku, zimene sizingatheke kwa mwana amene watsatira bambo ake kukaonera mpira wa ku Ulaya umene umatha pakati pa usiku, nthawi imenenso udzudzu wa malungo wa m'mphepete mwa nyanja muno umaluma kwambiri. Za mpweya ndingonena mwachidule kuti chipinda chotsekedwa mawindo, chodzaza anthu m'kutentha kwa Okutobala, ndi malo amene chifuwa ndi chikuku zimafalikira mosavuta, ndipo khanda losafika miyezi 9 limakhala lisanalandire katemera woyamba wa chikuku. Magetsi akazima n'kuyatsa jenereta pafupi ndi khomo, utsi wake umawonjezera chiopsezo china.

Komabe, sindigwirizana ndi amene amangoti kanema ndi woipa basi. Makolo ambiri amene ana awo amapezeka mu sho si osasamala ayi, koma ali pa geni kapena kumunda wa mpunga, ndipo kunyumba kulibe wina wowayang'anira anawo. Komanso kuonera chinthu pamodzi ndi anthu ena, kuseka limodzi ndi kukambirana pambuyo pake, ndi chisangalalo chenicheni chimene chimafanana ndi nthano za madzulo, kumene wina amati "padangokhala" ena n'kuvomera kuti "tili tonse". Kusiyana kwake n'kwakuti agogo osimba nthano amaona nkhope ya mdzukulu, ndipo akaona kuti fisi wamuopsa kwambiri amafewetsa mawu, pamene wailesi ya kanema imangopitiriza.

M'mayiko ena maholo a kanema amakonza nthawi yapadera ya makolo ndi ana, amatsitsa phokoso, amasiya magetsi ena akuyaka, ndipo mwana akalira palibe amene amadandaula. Palibe chimene chingalepheretse mwini sho wa ku Chipoka kapena ku Khombedza kuchita zofananazo Loweruka m'mawa: katuni kapena filimu yaifupi imene iye waionera yekha kuyambira poyamba mpaka pamapeto, sipika yapanja yozimitsa, chitseko chotsekula, ndi mayi mmodzi kapena awiri okhala nawo anawo. Komiti ya sukulu ya mmera mpoyamba, mogwirizana ndi a mfumu, ikhoza kukambirana naye zimenezi ndi kugwirizananso kuti pa nthawi zina zonse ana aang'ono asamalandiridwe pakhomo.

Mwana akafika zaka 7 kapena kupitirira, kholo liyambe lalowa lokha mu sho imene akufuna kupitayo, limve kukula kwa phokoso, lione zimene zikuonetsedwa ndi anthu amene amakhalamo, kenaka lipite naye masana, akhale kumbuyo kutali ndi sipika ndi pafupi ndi khomo, ndipo atuluke filimu imene anapita kukaonerayo ikangotha. Kwa amene waona kale zoopsa ndipo akudzidzimuka usiku, musamuseke kapena kumukalipira. Mufunseni kuti afotokoze kapena ajambule pansi chimene anaona, mugoneke pafupi nanu kwa masiku angapo, ndipo ngati akudandaula kuti m'khutu mukulira kapena sakutembenuka mukamuitana kuchokera kumbuyo, pitani naye kuchipatala akamuone makutu.