Chikondi ndi Kulipsira m'Mafilimu Opanda Mawu a Douglas Fairbanks

Mafilimu a ku Hollywood asanayambe kutulutsa mawu cha m'ma 1927, nkhani inkayenera kumveka ndi maso okha, mothandizidwa ndi timawu tochepa tolembedwa pachinsalu komanso woyimba piyano kapena gulu la oyimba lokhala m'holomo. N'chifukwa chake opanga mafilimu ankakonda kulumikiza kulipsira ndi chikondi, pakuti mkwiyo wa mwana woferedwa ndi kugunda kwa mtima wa mnyamata amene waona namwali sizifuna wotanthauzira.

Douglas Fairbanks, amene mu 1919 anakhazikitsa kampani ya mafilimu ya United Artists pamodzi ndi Mary Pickford, Charlie Chaplin ndi D. W. Griffith, ndiye anazamitsa kwambiri mchitidwewu. Mu filimu yake ya mu 1926 yotchedwa The Black Pirate, yomwe anatsogolera ndi Albert Parker, achifwamba a panyanja akuphulitsa chombo, ndipo opulumuka ndi awiri okha, mnyamata, yemwe ankaseweredwa ndi Fairbanks mwini, ndi bambo ake. Bambowo akumwalira pachilumba atamusiyira mphete, iye n'kulumbira kuti adzabwezera. Akulowa m'gulu la achifwambawo, ndipo pofuna kuti amukhulupirire akulanda yekha chombo chamalonda. Apa ndi pamene pali chithunzi chimene anthu amachikumbukirabe: akubaya thanga ndi mpeni n'kutsetsereka kuchokera pamwamba, nsaluyo ikung'ambika pakati mpaka pansi. M'chombomo muli mwana wamkazi wa mfumu, yemwe ankaseweredwa ndi Billie Dove, ndipo kuyambira pamenepo lumbiro la pamanda likuyamba kulimbana ndi udindo wopulumutsa namwaliyo, moti mnyamatayo akunyengerera anzake kuti amusunge wamoyo kuti alandirepo dipo. Kunena zoona, chikondicho n'chosazama kwenikweni, koma chikupereka chifukwa choti kubwezerako kuchedwe, ndipo kuchedwako ndiye kumene kukusunga oonera pampando.

Filimuyi inajambulidwa ndi Technicolor, luso lojambulira mafilimu amitundu, ya mitundu iwiri, wofiira ndi wobiriwira, njira imene inali yodula ndiponso yovuta, chifukwa timizere tiwiri ta filimu tomatidwa pamodzi tinkapindika ndi kutentha kwa makina oonetsera. Pa chithunzi chomaliza, pamene ngwaziyo ikupsompsona namwali wake, wovala diresi la Billie Dove ndi Mary Pickford, mkazi weniweni wa Fairbanks, amene anaima mofulatira kamera kuti nkhope yake isaoneke.