Nkhokwe yadzaza, nanga mwana akupinimbiranji?

Tikapita kumudzi ndi mafunso a kafukufuku, losavuta kuyankha ndi lakuti, "Chaka chino mwakolola matumba angati?" Bambo amayankha osaganiza kawiri. Koma matumbawo satiuza chimene mwana wa zaka ziwiri wadya dzulo. Kafukufuku wa zaumoyo wa dziko lonse wa 2015-16 anapeza kuti ana 37 pa 100 aliwonse osakwana zaka 5 m'Malawi ndi opinimbira, ndipo si onse amachokera m'makomo ogona ndi njala.

Zimenezi zinaonekera poyera ku Ekwendeni, m'boma la Mzimba. Rachel Bezner Kerr, wa ku Canada, ali wophunzira wa digiri yapamwamba, anacheza ndi mabanja amene ana awo ankagonekedwa m'chipatala chifukwa chonyentchera. Mu 2000 iye ndi ogwira ntchito pachipatala cha Ekwendeni anayambitsa pulojekiti ya Soils, Food and Healthy Communities. Maganizo anali omveka: alimi adzale nandolo, mtedza ndi soya mwakasakaniza, nthaka ibwerere chonde popanda kudalira feteleza, ana apeze phala lotendera.

Mbewu zinachita bwino. Vuto linatulukira pakhomo. M'mabanja ena bambo ankagulitsa mtedza, ndalama osaoneka komwe yalowera. Mayi yemweyo ndiye kumunda, kumjigo, kunkhuni, nthawi yophikira mwana kangapo patsiku n'kusowa. Panalinso munthu amene aphunzitsi a zakudya timakonda kumuiwala: agogo. Ku Mzimba mkazi amakakhala kwa mwamuna wake, ndipo apongozi akati khanda limwe phala lamadzi lisanakwane miyezi 6, mtengwa angatsutse bwanji? Ife tinkaphunzitsa mayi kusikelo za kuyamwitsa mwakathithi, pomwe mwini chigamulo ali kunyumba.

Ofufuza pamodzi ndi alimi anasintha njira. Anayamba masiku ophika pagulu, abambo n'kumagwira nawo mthiko, komanso zokambirana zokhalira pamodzi amayi, abambo ndi agogo. Patapita zaka, ana a m'midzi imene inakhalitsa m'pulojekitiyi anapezeka kuti akukula bwino kuposa a m'midzi ina.

Wophunzira wa ku Bunda asangotengera zonsezi ku Zomba kapena ku Mulanje ngati mmene zilili. Kumeneko ambiri ndi a chikamwini, munda ndi wa kuchikazi, ndipo mawu a amalume amalemera. Ine ndikamaona mafunso a wophunzira, ndimayamba ndafufuza ngati pali lakuti, "Mtedza utagulitsidwa, ndalama anasunga ndani?" Ndipo funso limenelo mayi afunsidwe payekha, bambo atatalikira.