Kompyuta ya magemu sitiyang'ana i7 yokha

Anyamata ambiri kuno ku Kasungu mukangomva kuti kompyuta ili ndi purosesa (ubongo wa kompyuta) ya i7 basi mwatulutsa kale ndalama, eti ndiye mashini a magemu amenewo. Ayi ndithu achimwene. i7-2600 inatuluka mu 2011, i3-12100 ya 2022 imaisiya kutali, ndiye muzifunsa generation (m'badwo wa purosesayo) osangoona stika ya i7 ija. Komanso chimene chimajambula zithunzi za gemu ndi graphics card, ndalama zambiri zipite pamenepo, kadi ngati GTX 1650 kapena RX 580 ngakhale yogwiritsidwapo kale ntchito imakwana poyambira. Mnzanga wina pa boma pano anagula i7 yakale yopanda kadi, FIFA ikungodukaduka, zinandiwawa kwambiri. RAM (memori yomwe kompyuta imagwiritsa ntchito poyendetsa gemu) ikhale ziwiri za 8GB. Power supply (kabokosi kogawa magetsi m'kompyuta) yotchipa yopanda dzina isiyeni, ndi magetsi ozimazimawa ingakuotchereni zonse.