Ufa wowala wa ku Goiânia ndi zinyalala zimene unasiya

Mwezi wa September ukafika, anthu a mumzinda wa Goiânia ku Brazil amakumbukira ngozi ya mu 1987, ndipo chikumbutsochi chimadzutsanso mkangano wa zimene anthu wamba ayenera kuuzidwa pa zinyalala zotulutsa cheza cha nyukiliya.

Pa 13 September chaka chimenecho, amuna awiri otola zitsulo zakale analowa m'chipatala chosiyidwa cha odwala khansa n'kutengamo mbali ya makina imene munali caesium-137, ufa wotulutsa cheza choopsa cha nyukiliya. Ataiboola, anaigulitsa kwa wogula zitsulo, yemwe anadabwa kuona ufa wa m'katimo ukuwala mobiriwira ngati mtambo mumdima. Anaitana abale ndi anansi kuti adzaone, ena anadzipaka pakhungu, ndipo mtsikana wa zaka 6 anadya chakudya atangouseweretsa. Anthu atayamba kusanza, madokotala anaganizira matenda ena. Amene anazindikira gwero la vutolo sanali katswiri, koma mkazi wa wogula zitsuloyo, yemwe pa 28 September anaika chitsulocho m'thumba n'kukwera nacho basi mpaka ku ofesi ya zaumoyo. Mayiyu, amene anapulumutsa anthu ambiri, anamwalira pa 23 October, tsiku limodzi ndi mtsikana uja.

Lipoti la mu 1988 la bungwe la IAEA, loona za mphamvu ya nyukiliya padziko lonse, likuti anthu pafupifupi 112,000 anayezedwa, 249 anapezeka ndi caesium pathupi kapena m'thupi, ndipo anayi anamwalira. Bungwe la anthu okhudzidwa ndi ngoziyi limati omwalira ndi ochuluka kuposa pamenepo, powerengera amene anadwala pambuyo pake. Nkovuta kutsimikiza chiyambi cha khansa ya munthu mmodzi, komabe mawu awo sayenera kunyozedwa.

Ntchito yoyeretsa mzindawo inasiya zinyalala zokwana makiyubiki mita pafupifupi 3,500, zomwe zinali dothi, zovala, mipando ndi zigumu za nyumba. Zambiri mwa izi zinali za cheza chochepa, gulu limene mumakhalanso magolovesi ndi nsanza zochokera m'zipatala ndi m'malo opangira magetsi a nyukiliya, ndipo zikatsekeredwa bwino m'migolo ndi m'konkire sizivulaza wokhala pafupi. Koma anthu amene sanauzidwepo kalikonse ngozi isanachitike sakanakhulupirira mawu amenewa msanga. Pamaliro a mtsikana uja khamu linaponya miyala pokana kuti aikidwe m'manda a mumzindawo, ndipo anthu a ku Abadia de Goiás, dera lapafupi ndi Goiânia kumene zinyalalazo zinatumizidwa, anachita zionetsero. Ine sindingawatche mbuli, pakuti makinawo anasiyidwa opanda mlonda wokwanira ndi anthu ophunzira amene ankadziwa bwino kuopsa kwake.

Nkhokwe yokhazikika yosungiramo zinyalalazo ku Abadia inamalizidwa mu 1997. Mphamvu ya caesium-137 imatsika ndi theka pa zaka 30 zilizonse, choncho malowo ayenera kuyang'aniridwa kwa zaka pafupifupi 300.