Mafuta a oregano ndi thyme sangalowe m'malo mwa maantibayotiki

Uthengawu umangobwerabwera m'magulu a pa WhatsApp ndi Facebook. Akuti madontho angapo a mafuta otengedwa ku oregano, thyme kapena rosemary (zitsamba zokometsera zakudya) amapha tizilombo tonse m'thupi, amatsuka magazi, ndipo munthu akhoza kusiya maantibayotiki, mankhwala a kuchipatala olimbana ndi mabakiteriya. Kawirikawiri pansi pake pamakhala nambala ya wogulitsa.

Bodzali limakopa anthu chifukwa muli kachoonadi pang'ono. Mu oregano muli mankhwala achilengedwe otchedwa carvacrol, mu thyme muli otchedwa thymol. Asayansi akadonthezera zimenezi pa mabakiteriya omwe ali m'kambale ka mu labotale, khungu la mabakiteriyawo limabooka, n'kufa. N'chifukwa chake thymol amamuika m'mankhwala ena otsukira m'kamwa. Rosemary nayenso amachedwetsa kuwonongeka kwa mafuta a m'zakudya, moti ku Ulaya zotengedwa m'masamba ake amazilemba kuti E392 pa mapaketi.

Koma thupi la munthu si kambale. Zimene mwameza zimasungunuka, chiwindi n'kuzisintha, impso n'kuzitulutsa, ndipo sizifika m'mapapo a wodwala chibayo pa mlingo woti n'kugonjetsa matendawo. Mukati muwonjezere madontho, mumapsa m'kamwa ndi m'mimba. Amene amandidetsa nkhawa kwambiri ndi ana, poti kwa iwo ngakhale pang'ono pokha pangakhale poizoni.

Mukalandira uthenga wotere, dzifunseni: kodi anayesa pa anthu odwala kapena m'kambale chabe? Nanga wolembayo sakufuna ndalama zanu? Muonetseni dokotala kapena wa ku famase uthengawo musanasiye mankhwala alionse.

Ndipo chonde musautumize kwa ena. Wina amene ali ndi mwana wotentha thupi usiku uno angaukhulupirire n'kuchedwa kupita kuchipatala.