Chithunzi cha Gule Wamkulu si chokometsera nkhani za umbanda

Ambiri a ife kuno ku Zomba sitinakulire pafupi ndi dambwe. Midzi yotizungulira ndi ya Ayao, Alhomwe ndi Anyanja, ndipo gule timamuonera kwambiri pa wailesi yakanema, pa Facebook ndi m'timasewero ta pafoni. Choncho amene amasankha chithunzi choika pa nkhani ndiye akuphunzitsa ana athu kuti gule ndi chiyani. Ine ndimaphunzitsa mbiri yakale, ndipo zimene ana akutolazo zimandidetsa nkhawa.

Nkhani ikakhala ya ufiti, ya kufukula manda kapena ya achifwamba obisa nkhope, mupeza chilombo cha gule chaikidwa pamwamba, chonsecho gule mulibemo n'komwe. Opanga masewero nawo akafuna kuopseza anthu amangolowetsa gule.

Komatu Gule Wamkulu ali ndi eni ake ndi malamulo ake. Satuluka chisawawa. Amaloleza ndi mfumu yokhala ndi mzinda, kutanthauza mphamvu zochititsa gule ndi chinamwali m'dera lake, ndipo amatuluka pa maliro, pa chinamwali, polonga ufumu ndi pokumbukira amene anatisiya. Kwa Achewa, zilombo zija ndi mizimu ya makolo yobwera kudzalangiza amoyo, ndipo chilichonse chili ndi mawu ake. Kasiyamaliro, wooneka ngati nyama yanyanga, ndi mayi wa mtundu amene amaperekeza womwalira. Chadzunda ndi nkhalamba, tate wa zilombo, wolowa m'bwalo motsimphina koma wovina mwamphamvu. Simoni wa nkhope yofiira uja ndi mzungu wopsa ndi dzuwa, ndipo kudzera mwa iye Achewa ankanena maganizo awo pa alendo amene anabwera ndi malamulo achilendo. Zilombo zina zimaonetsa chidakwa, wachiwerewere kapena munthu woumira. Nkhope zake n'zosaoneka bwino chifukwa khalidwe limene akudzudzulalo ndi lonyansa. Apa ndi pamene wojambula wosadziwa amasokonezera zinthu: amatenga nkhope yodzudzula choipa n'kuisandutsa chizindikiro cha choipacho.

Kusamvetsa kumeneku sikunayambe ndi mafoni. Amishoni a Dutch Reformed atafika ku Mvera mu 1889, ndi ansembe a White Fathers ku Mua mu 1902, anapeza kuti akulimbirana anyamata ndi dambwe: uyu akuti bwera kusukulu, uyo akuti bwera udzamete. M'zaka za m'ma 1920 mkangano unakula moti amishoni anapempha boma la atsamunda kuti liletse gule. Bomalo linali konkuno, pakuti Zomba inali likulu mpaka 1975, ndipo silinamuletse kotheratu. Chofunika kudziwa n'chakuti zolembedwa za nthawi imeneyo, monga zimene zimasungidwa ku National Archives mumzinda muno, zinalembedwa ndi amishoni ndi mabwanamkubwa. Mfumu ya mzinda sinkalemba malipoti. Ophunzira anga ndimawauza kuti asanakhulupirire pepala lakale adzifunse kaye kuti analemba ndani, ndipo ankafuna chiyani.

Chondisangalatsa n'chakuti ku Mua komweko zinthu zinatembenuka. Bambo Claude Boucher anayambitsa malo a zachikhalidwe a Kungoni mu 1976, ndipo nyumba yosungiramo zachikhalidwe ya Chamare, yomwe ili pamalopo, imasunga nkhope za zilombo zoposa 400 pamodzi ndi matanthauzo ake. Mu 2005 bungwe la UNESCO linaika Gule Wamkulu pa mndandanda wa chuma cha chikhalidwe cha dziko lonse lapansi.

Sindikunena kuti atolankhani azibisa zoipa. Alipo anyamata ovutitsa anthu panjira ndi kuthamangitsa ana asukulu m'dzina la gule, ndipo mafumu enieniwo amadzudzula mchitidwewu. Imeneyo ndi nkhani, ilembedwe, koma itchule mudzi, tsiku ndi zimene mfumu yanenapo. Kuvinitsa gule pa misonkhano ya ndale, kumene kunakula m'nthawi ya Kamuzu Banda, ndi kumuika pa zikwangwani za malonda, nakonso kukufunika kufunsidwa mafunso.

Ife a ku Zomba tikudziwa mmene zimawawira. Wa mkanjo ndi kachisoti m'sewero nthawi zambiri amamupatsa mbali ya munthu wazitsamba kapena wachinyengo, pamene ndi zovala zimene bambo wa ku Malosa amavala popita ku mzikiti Lachisanu.

Kwa akonzi a nkhani pempho langa ndi ili. Musanajambule gule, pemphani kwa mfumu ya mzindawo, ndipo dambwe lisajambulidwe. Pansi pa chithunzi lembani dzina la chilombocho, mudzi wake ndi mwambo umene chinatulukira. Ngati nkhani yanu ndi ya mbava yogwidwa ku Chinamwali kapena ku Mpondabwino kuno ku Zomba, ikani chithunzi cha kubwalo la milandu.