Dzina la mpingo pa geti la sukulu

Pakati pa mabanja ochokera ku Malawi okhala ku Mbare, Highfield ndi Mufakose mumzinda wa Harare ku Zimbabwe, pali chikhulupiriro chakale chakuti mwana akangolowa sukulu ya mpingo amaphunzira zosiyana ndi anzake a m'sukulu zaboma, ndipo khalidwe lake limawongoka lokha. Maganizo amenewa ndi olakwika.

Sukulu zambiri za mishoni m'Zimbabwe zimatsata silabasi ya unduna wa maphunziro a pulayimale ndi sekondale, ana ake amalemba mayeso a ZIMSEC, bungwe loyendetsa mayeso a sukulu m'dzikolo, ndipo aphunzitsi ambiri amalipidwa ndi boma ngakhale mwini sukulu ndi mpingo. Phunziro la zachipembedzo nalonso si katekisimu: kuyambira 2017 limakhudza Chikhristu, Chisilamu, Chiyuda ndi zipembedzo za makolo. Chimene mpingo umawonjezera ndi mapemphero a m'mawa, mbusa kapena wansembe wolangiza ana, kwaya, ndi malamulo a m'nyumba zogona.

Sukulu zakale monga Dominican Convent ya ku Harare, imene masisitere anatsegula mu 1892, ndi St George's College ya ansembe a Chijezuiti zinapanga mbiri yake pa zaka zambiri. Koma masiku ano kakoleji kotsegulidwa m'nyumba ya munthu, kokhala ndi mabenchi atatu ndi vesi lopentedwa pakhoma, nakonso kamadzitcha kachikhristu, ndipo makolo ena amalipira fizi osafunsa kanthu. Musanalipire, pemphani kuona chikalata cha kalembera wa unduna, mufunse nambala ya senta ya mayeso, ndiponso mudziwe mpingo umene umayang'anira sukuluyo ndi munthu amene amayankha madandaulo a makolo.